Mafunso ndi mayankho pa nsembe za m'buku la Levitiko

Chiyambireni phunziro la Levitiko, komiti ya maphunziro a Baibulo yalandira mafunso ambiri pa WhatsApp, ena mpaka kudandaula kuti tikufuna kukweza chopereka mozembera. Ayi ndithu abale, nkhani yathu ndi ya Aisraeli akale.

Nsembezo zilipo zingati?
Zikuluzikulu ndi 5, chaputala 1 mpaka 7: yopsereza, yaufa, yamtendere, yauchimo ndi yopalamula.

Tanthauzo lake?
Pa Chiheberi amati korban, kuchokera ku mawu oti kuyandikira. Munthu ankabwera nayo kuti ayandikire kwa Mulungu.

Ansembe ndi amene ankadya nyama yonse eti?
Ayi. Yopsereza inkapsa yonse paguwa, wansembe nkungotenga chikopa. Yamtendere mafuta ankatenthedwa, wansembe nkulandira chidale ndi ntchafu ya kumanja, yotsalayo mwini wake nkudya ndi abale. Ana a wansembe Eli aja ankatenga nyama mafuta asanatenthedwe, 1 Samueli 2 ikuti tchimo lawo linali lalikulu kwambiri.

Nanga wosauka opanda nkhosa ankabwezedwa?
Apa ndi pomwe anthu akangana kwambiri ndiye tiyankhe mosamala. Pa nsembe yauchimo Levitiko 5:7 ikuti amene sangakwanitse nkhosa abweretse njiwa ziwiri kapena maunda awiri, zikavutanso vesi 11 ikulola ufa wosalala, gawo limodzi mwa magawo 10 a efa (muyeso wa ufa wa nthawi imeneyo), opanda mafuta ndi lubani, ndipo naye ankakhululukidwa. Koma tisathamangire kunena kuti paliponse zinali choncho, pa nsembe yopalamula ya chaputala 6 lamulo likutchula nkhosa yamphongo, komanso ngati wabera mnzako unkayenera kubweza chonsecho nkuwonjezera gawo limodzi mwa magawo 5. Ife sitikuyika mulingo wa ndalama pa mavesi amenewa, wina akakuuzani choncho sanachoke kwa ife.

Tchimo lililonse linkatha ndi nsembe?
Tikuvomera, mkalasi muja tinadutsapo mwachangu. Chaputala 4 chikukamba za wochimwa mosadziwa. Wochita dala monyoza, Numeri 15:30 ikuti achotsedwe pakati pa anthu ake.

Ayuda akuperekabe mpaka pano?
Ayi. Deuteronomo 12 imalamula malo amodzi okha operekera nsembe, ndipo kachisi wa ku Yerusalemu anagwetsedwa ndi Aroma mu 70 AD. Kuyambira pamenepo arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, amaphunzitsa pemphero, kulapa ndi kuthandiza osauka m'malo mwa nyama paguwa.