Dzina la katswiri wa zaulimi limachokera kumunda

Ndatopa nalo funso limene achinyamata ongomaliza maphunziro a zaulimi amabwera nalo kwa ine. Wina ali ndi digiri ya ku Bunda, wina dipuloma ya ku Natural Resources College (NRC), ndipo ambiri sanayendepo ndi mlimi kuchokera pa kugalauza mpaka pa kukolola. Funso lawo limakhala lakuti, "Achikulire, ndingatani kuti ndidziwike? Ndikufuna kuti pakabuka nkhani ya ulimi, a wailesi aziimbira ine." Chikhumbocho sindidana nacho. Dziko lino likufunikadi akatswiri oti akalankhula, anzawo pantchito azitchera khutu, a ku Capital Hill aziyamba aganiza kawiri. Chondivuta n'chakuti ana athuwa akufuna ayambe amveka, zoti anenezo adzazitolera m'njira.

Owaphunzitsa zimenezi aliponso. Amawauza kuti atsegule tsamba pa Facebook, aziikapo kanthu tsiku ndi tsiku, ajambulitse atavala majombo m'munda wobiriwira ngakhale uli wa eni ake, adzitche akatswiri mpaka anthu azolowere. Koma uphungu wa zaulimi suthera pafoni, umakalowa m'nthaka. Kuno ku Lilongwe mvula yodzalira imagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, pofika Epulo yakata. Mlimi wodalira mvula ali ndi mpata umodzi wokha pachaka, ndipo amene wamusocheretsa wamulanda nsima ya chaka chonse.

Pali nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero. Mayi ena amasiye a kufupi ndi ku Mitundu anali ndi munda wa chimanga chomera bwino, chodzala pa nthawi yake, feteleza wokulitsa atathira kale. Udzu ndiwo unawakulira mphamvu, ndipo aganyu anali atakwera mtengo. Mwana wawo amene amagwira ntchito m'tauni muno anali m'gulu lina la WhatsApp lotsogoleredwa ndi mnyamata wophunzira ndithu, wolankhula mokoma, amene anthu anali atayamba kumutenga ngati mwini nkhani za chimanga. Mnyamatayo anatumiza kanema wa ku America woonetsa thirakitala ikupopera mankhwala opha udzu otchedwa glyphosate pamwamba pa chimanga chofika m'mawondo, udzu n'kufa, chimanga n'kutsala chili gwa. Pansi pake analemba kuti alimi a ku Malawi tikuzunzika ndi khasu chifukwa cha umbuli. Mwanayo, pofuna kupeputsa mayi ake, anagula mankhwalawo n'kuwatumiza kumudzi pa minibasi.

Chimene mnyamatayo sanachidziwe, kapena sanachisamale, n'chakuti chimanga cha mu kanemayo n'chosinthidwa chibadwa kuti chizipirira mankhwala amenewo. Mbewu imene alimi athu amagula m'masitolo kapena kusunga m'nkhokwe si yotero. Glyphosate sasankha. Amalowa kudzera pa tsamba lililonse lobiriwira limene wagwerapo, n'kuyenda mpaka ku mizu. N'chifukwa chake amathiridwa mbewu isanadzalidwe kapena isanatuluke m'nthaka. Wophunzira wa chaka choyamba ku Bunda amayenera kudziwa zimenezi, ndipo zalembedwa pa botolo.

Chimanga chitayamba kuchita chikasu patapita masiku angapo, mwanayo anajambula chithunzi n'kufunsa m'gulumo. Apa ndi pamene mtima wanga umawawira kwambiri. Mnyamatayo akanangofunsa funso limodzi lokha, lakuti mwathiramo chiyani m'mundamo, zonse zikanadziwika tsiku lomwelo. Iye anayankha mothamanga kuti chimangacho chili ndi njala ya feteleza, athire urea. Mayiwo anagulitsa mbuzi, anagula urea, n'kuthira pa chimanga chakufa kale. Anadikira sabata ina kuti chitsitsimuke. Pamene nkhaniyo imafika kwa ife alangizi, Januwale anali atapita patali, ndipo kudzalanso chimanga kukanangokhala kutaya mbewu. Tinawathandiza kupeza mbewu ya mbatata ya kholowa kuti munda usagone. Mbatatayo inawathandiza pang'ono, koma banja la ana asukulu silingadalire mbatata yokha mpaka chaka chinzake.

Ndimakumbukirabe kuti mayiwo sanakalipire munthu aliyense. Ankangonena kuti, "Alangizi, mwana wanga anandiuza kuti walankhula ndi wophunzira." Mwana wawo manyazi anamugwira moti anatha miyezi osapita kumudzi. Mnyamata wa kanema uja anangofufuta uthengawo, ndipo gulu lake likukulabe.

Inu amene mukufuna kudziwika, taimani pa nkhani imeneyi. Mnyamatayo anali ndi omutsatira ambiri, Chingerezi chabwino ndi Chichewa chomveka. Chimene analibe ndi munda umene anayesapo zimene ankaphunzitsa anthu, komanso mkulu pantchito womuwerengera uthenga asanautumize. Zinthu ziwiri zimenezi ndi zimene zimapatsa mawu a katswiri kulemera.

Taonani anthu amene mawu awo analemeradi m'dziko muno. Malemu Glyvyns Chinkhuntha anayamba Tikondwe Freedom Gardens ku Dowa m'zaka za m'ma 1980, pamalo a chithaphwi amene ena sankawawerengera. Anakumba ngalande zoyendetsa madzi popanda injini, n'kumalima ndi manyowa. Ophunzira, alangizi ndi alendo ochokera kunja ankapita okha kukaona, chifukwa zimene bamboyo ankanena zinali zooneka ndi maso. Kapena pitani ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, kumene kafukufuku wa zaulimi wakhala akuchitika kuyambira mu 1948. Mtedza wa CG7 umene alimi amautchula ngati dzina la m'bale wawo unatulutsidwa mu 1990 pambuyo poyesedwa nyengo zingapo m'madera osiyanasiyana. Mpaka pano mbewu kapena njira yatsopano isanaperekedwe kwa alimi, imayenera kudutsa pa komiti ya akatswiri yoona umboni wake. Munthu mmodzi wokhala ndi foni asadzione ngati wamkulu kuposa ndondomeko yonseyo.

Ndiye mukandifunsa poyambira, ndikuuzani kuti musankhe vuto limodzi, laling'ono, limene likudya ndalama za alimi a kwanu, n'kukhala nalo zaka. Ambiri amakana pamenepa chifukwa amafuna kulankhula za chilichonse, lero nkhumba, mawa makadamia, mkuja ndondomeko ya boma ya feteleza wotsika mtengo. Tengani chuku cha mtedza mwachitsanzo. Chimayambitsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimatchinga mtedza wathu ku misika ya ku Ulaya. Munthu amene angayende m'midzi ya ku Nsaru, Kasiya ndi Malingunde nyengo zitatu, akuona mmene alimi amakumbira, mmene amaumitsira, ndi chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, adzadziwa zimene palibe kanema angamuphunzitse. Adzadziwa chifukwa chake mayi amawaza madziwo ngakhale anauzidwa kuti n'koipa: zala zimapweteka, ndipo venda amagula pa sikelo, pamene mtedza wonyowa umalemererako. Munthu wotero akaimirira pa msonkhano, ngakhale mapulofesa amalemba zimene akunena.

Munda wachitsanzo ndiwo umboni wanu, koma ukhale woona mtima. Mbali imodzi mulime mwa njira imene mukuilimbikitsa, mbali inayo mwa njira imene mlimi amalimira kale, mbewu yofanana, tsiku lodzala lofanana, nthaka yofanana. Ndaona minda yambiri yachitsanzo imene mbali ya mlimi amaidzala mochedwa dala, pa chiswe, kuti pa tsiku la chionetsero kusiyana kuoneke kwakukulu. Alimi si ana. Amaomba m'manja, amamwa zoziziritsa kukhosi, akabwerera kwawo amalima monga kale. Lembani zonse m'kope: tsiku limene mvula yagwa, ndalama iliyonse imene yatuluka, matumba amene mwakolola mutayeza pa sikelo. Chaka chimene njira yanu yalephera muchilembenso, ndipo mudzachinene poyera, chifukwa mlimi akufuna kudziwa chimene chidzamuchitikire mvula ikadula mu Febuluwale.

Mukakhala nazo zimenezo, lankhulani ndithu, musabise. Lembani m'Chichewa, pakuti amene akufuna uphunguwo ambiri sawerenga malipoti a Chingerezi. Pitani pa wailesi, tsegulani tsamba lija, lankhulani pa misonkhano ya alimi otsogolera. Koma musanatulutse kanthu, kaonetseni munthu amene angakutsutseni popanda kukunyengererani. Ndipo ngati kampani yogulitsa mbewu kapena mankhwala ikukulipirani, nenani. Kulandira malipiro si mlandu, koma alimi akadzazindikira okha kuti munkawabisira, sadzakukhulupiriraninso ngakhale pa zoona.

Chinanso chimene achinyamata amachiopa ndi kuyankha kuti, "Ndikafufuze kaye." Amaona ngati akatero atsika. Mbozi za ntchemberezandonda zitalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, tonse tinali ophunzira. Alimi ankayesa dothi, mchenga, phulusa, msuzi wa usipa woitanira nyerere. Alangizi amene anapeza ulemu nthawi imeneyo ndi amene ankagwada m'munda m'mawa, kutsegula mtima wa chimanga, kuwerenga mapesi ogwidwa, n'kumauza alimi kuti mbozi imagonja ikadali yaing'ono, isanabisale mkati. Amene ankalengeza mankhwala odabwitsa sabata iliyonse aiwalika.

Tsopano ndilankhule ndi inu alimi, makamaka inu a m'tauni amene mumalima kumudzi kudzera pa foni, chifukwa ndinu amene akamberembere akukusakani. Udokotala wina masiku ano ukuperekedwa pa mwambo wa tsiku limodzi m'mahotela, munthu atalipira. Mphoto zina za "katswiri wopambana" amazigula pogula tebulo pa chakudya chamadzulo. Bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE limasunga mndandanda wa sukulu zaukachenjede zovomerezeka, ndipo muli ndi ufulu wofunsa munthu kumene anaphunzira. Koma funso loposa pamenepo n'lakuti, munda wanu uli kuti, ndikaone? Mwayesa nyengo zingati? Ndi mlimi uti amene ndingamufunse? Katswiri weniweni amasangalala ndi mafunso amenewa. Amene wakwiya, kapena wayamba kukuwerengerani omutsatira ake, musiyeni.

Samalani kwambiri ndi ogulitsa timabotolo ta feteleza wamadzi amene amati lita imodzi ikulowa m'malo mwa matumba awiri. Werengani nokha. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni, chifukwa urea ndi 46 peresenti. Botolo la lita imodzi, madzi ndi zonse zili m'menemo, limalemera kilogalamu imodzi ndi kanthu pang'ono. Chakudya cha matumba awiri chingakwane bwanji m'menemo? Feteleza wopopera m'masamba ali ndi ntchito yake yowonjezera timichere tina, koma amene akukuuzani kuti musiye wokulitsa ndi wobereketsa chifukwa cha kabotolo akukuberani, ngakhale atavala tayi, ngakhale mutamumva pa wailesi. Chimodzimodzi mankhwala ophera tizilombo ndi udzu: ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la boma la Pesticides Control Board, m'botolo lake lenileni, chizindikiro ndi malangizo zili pomwepo. Othiridwa m'botolo la zakumwa pa msika musagule, ngakhale atatchipa chotani.

Ndipo musachedwe. Mayi a ku Mitundu aja anataya chimanga chifukwa cha uphungu woipa, koma chimene chinawatayitsa nyengo yonse ndi masabata odikira aja. Akanadziwa msanga, akanadzalanso mbewu yocha msanga n'kupulumutsako kena. Mukaona mbewu yasintha mtundu, yapota masamba kapena yafota mutangothira kanthu, musathirenso china pamwamba pake, ndipo musadikire yankho la pa gulu. Zulani phesi limodzi ndi mizu yake, tengani botolo kapena thumba la chimene munathiracho, mupite nazo kwa mlangizi wa dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi yapafupi (EPA) tsiku lomwelo. Mukamuuze tsiku limene munathira, muyeso wake, ndi ngati sipuleya imeneyo inagwirapo ntchito ya mankhwala a udzu m'mbuyomu, chifukwa zotsalira m'thanki yosatsuka bwino nazonso zimaotcha mbewu.