Ndani Anayamba Kufuulira Ovina? Mbiri ya Magule a Contra ndi Square

Ku Nelson, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha New Hampshire ku America, Lolemba madzulo anthu amasonkhana muholo yakale ya matabwa kudzavina. Amaima m'mizere iwiri, aliyense moyang'anana ndi mnzake wovina naye. Pakona pali woliza vayolini ndi woliza piyano. Kutsogolo kuli munthu wina amene saliza kanthu ndipo savina. Ntchito yake n'kufuula. Akati gwiranani manja anayi muzungulire kumanzere, onse azungulira. Akati bwererani, onse abwerera. Mlendo amene sanaonepo zoterezi akhoza kungofika n'kulowa pamzere, ndipo nyimbo yachiwiri isanathe amakhala akuvina ngati mwini mudzi. Gule ameneyu ndi contra. Ali ndi m'bale wake wotchuka kumuposa, square dance, amene ovina ake amaima mapeyala anayi, peyala iliyonse kumbali yake, ngati makoma anayi a nyumba.

Ophunzira anga akaona magule amenewa pa YouTube, maso awo amathamangira ku zipewa ndi masiketi otambalala, n'kunena kuti awa ndi magule a makauboyi. Ine ndimawauza kuti asiye zipewazo, ayang'ane wofuulayo, amene eni ake amamutcha caller. Kwathu kuno tili ndi china chofananako: pa mganda kapena malipenga, wenzulo ikalira sitepe imasintha. Koma wenzulo imangokumbutsa anthu zimene akhala akuyeserera kwa milungu. Caller sakumbutsa, amakuuza chochita pomwepo, iwe usanachimvepo n'kale lonse. Ndipo kwa zaka zoposa 100 zoyambirira za mbiri yolembedwa ya magulewa, munthu wotereyu kunalibe.

Tiyambire ku London mu 1651. Patangopita zaka ziwiri Mfumu Charles I atadulidwa mutu, dziko lili m'manja mwa anthu opemphera okhwimitsa malamulo amene zovinavina sankakondwera nazo, wogulitsa mabuku wina dzina lake John Playford anasindikiza buku lotchedwa The English Dancing Master. Munali magule 105, aliyense ndi nyimbo yake komanso malangizo a kavinidwe. Magulewo ankatchedwa country dance, kutanthauza gule wakumudzi, koma dzinalo lisakunamizeni. Mlimi wa nthawi imeneyo sankagula buku kuti adziwe kuvina. Ogula anali maloya achinyamata, amalonda ndi mabanja opeza bwino a m'tauni, ndipo magule amene tili nawo papepala anali atadutsa kale m'manja mwa aphunzitsi a gule a mumzinda. Ufumu utabwezeretsedwa, Samuel Pepys, mkulu wina wogwira ntchito m'boma, analemba m'dayale yake kuti usiku womaliza wa chaka cha 1662 anaona Mfumu Charles II ikuvina magule omwewa kunyumba yachifumu ya Whitehall.

Bukulo linayenda malonda moti linasindikizidwa mobwerezabwereza mpaka cha m'ma 1728, Henry, mwana wa Playford, ndi ena atapitiriza ntchitoyo. Mukaika loyamba pambali pa omalizira mumaona kusintha. Poyamba munali magule a bwalo lozungulira, a mapeyala awiri, atatu, anayi. Pofika kumapeto, pafupifupi onse anali a mizere iwiri italiitali, yolowa aliyense wofuna. Chimene chinapambanitsa mizere ndi kachitidwe kena kosavuta koma kanzeru. Peyala yakumutu imavina ndi peyala yotsatira, ndipo nyimbo ikazungulira kamodzi, mapeyala awiriwo amakhala atasinthana malo. Yakumutu ija yatsika pang'ono, yakumana ndi nkhope zatsopano, ibwereza zomwezo. Ena akutsika, ena akukwera, ndipo gule akamatha umakhala utagwirana chanza ndi aliyense wapamzere, wokondana naye ndi wosalankhulana naye yemwe. M'masiku amenewo malo akumutu anali a mayi wolemekezeka koposa, ndipo ndiye ankasankha gule. Akumchira ankangoima kudikira kuti gule awafike. Kudikirako sikunali kopanda phindu: ankaonera akumutu n'kumaloweza, komanso mnyamata ndi mtsikana ankapeza mpata wonong'onezana azakhali ali kutali.

Cha m'ma 1685 mphunzitsi wa gule wa ku France, André Lorin, anapita ku England n'kubwerako ndi magulewa, n'kuwalemba m'buku lapamanja limene anapereka kwa Mfumu Louis XIV. Mu 1706 Raoul-Auger Feuillet anasindikiza ena ku Paris, ndi zojambula zosonyeza njira imene wovina aliyense ayenera kudutsa. Makutu a Afalansa anamva country ngati contre, liwu lawo lonena za kuyang'anizana, ndipo poti ovinawo ankayang'anizanadi, dzina lopotokalo linakhazikika: contredanse. Zili ngati mmene band ya asilikali inasandukira beni pakamwa pathu. Dzina la contra wa ku Nelson uja linachokera pamenepa.

Afalansa sanangolandira basi. Anaimika mapeyala anayi m'mbali zinayi n'kupanga cotillon, kenako quadrille, gule wa zigawo zisanu amene anaolokera ku London cha m'ma 1815 ngati chinthu chapamwamba chochokera kunja. Ameneyu ndiye gogo wa square dance. N'chifukwa chake mpaka lero mlimi wa ku Texas amafuula Chifalansa chopotoka: do-si-do ndi dos-à-dos, kunena kuti msana kwa msana, pamene allemande ndi promenade anangotsala momwemo. Nthambi ina inagwera ku zilumba za Caribbean n'kubala contradanza wa ku Cuba ndi kwadril wa ku Saint Lucia ndi Dominica, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Quadrille sankavinika popanda sukulu. Munthu ankalipira mphunzitsi n'kuloweza zigawo zonse, ndipo kusochera pabwalo anthu akuona kunali kudzivula ulemu. Kumudziwa guleyo kunali chiphaso chosonyeza kuti kwanu kuli ndalama.

Ku America nako aphunzitsi a gule ankayendayenda m'matauni, ena mwa iwo othawa chipwirikiti chimene chinabuka ku France mu 1789. Koma funsani kuti nyimbo ankaliza ndani. Kuyambira ku Virginia mpaka ku New England, kawirikawiri woliza vayolini pa madansi a azungu anali munthu wakuda, nthawi zambiri kapolo. Zidziwitso za m'nyuzipepala zosakasaka akapolo othawa zinkatchula mobwerezabwereza kuti wothawayo amadziwa vayolini. Luso limenelo linkakweza mtengo wake pamsika. Solomon Northup, munthu wakuda woliza vayolini amene anabedwa mu 1841 n'kukagulitsidwa ku Louisiana, anafotokoza m'buku lake la mu 1853 mmene ankamutumizira kukaliza pa maphwando a eni maesiteti. Anthu amenewa ankakhala pakona akuliza pamene ana a bwana akuphunzitsidwa, chaka ndi chaka. Guleyo ankamudziwa kuposa ovinawo.

Akabwerera kumisasa yawo, anzawo nawo ankafuna kuvina. Kumeneko kunalibe mphunzitsi, kunalibe buku, ndipo m'madera ambiri akum'mwera kuphunzitsa kapolo kuwerenga unali mlandu. Choncho wolizayo ankangofuula zochita uku dzanja lili pa vayolini. Wina atsogolera, khamu livomera, monga timachitira pamtondo ndi pamaliro, kungoti apa ovomera anali mapazi. Phil Jamison, caller komanso wofufuza wa ku North Carolina, anasonkhanitsa maumboni akale m'buku lake la mu 2015, ndipo anapeza kuti malemba oyambirira otchula munthu wofuulira ovina akukamba za anthu akuda. Umboni umodzi ndi wa Benjamin Latrobe, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene mu 1819 anapita kudansi ku New Orleans n'kudandaula za woimba wina wakuda amene ankafuula zigawo za gule. Kwa iye linali phokoso chabe. Aphunzitsi a gule nawo anadana nazo, ndipo sindikuwadabwa: ngati munthu angathe kuvina pongotchera khutu, alipirirenji sukulu? Nsima inali kuwachoka pakamwa. Pofika pakatikati pa zaka za m'ma 1800 azungu anali atatengera, ndipo kufuulako kunayenda ndi ngolo za anthu osamukira kumadzulo kwa dzikolo. Banjo, imene anyamata kwathu kuno amaipanga ndi chigubu cha mafuta, inalowa m'magulewa ndi anthu omwewa. Makolo ake ndi zoimbira za zingwe zopangidwa ndi zipanda za kuzambwe kwa Africa.

Mbali imeneyi ya mbiri inakwiririka, ndipo ena mwa oikwirira anali anthu okondadi magulewo. Cecil Sharp, amene anayambitsa English Folk Dance Society mu 1911, anachoka kwawo ku England n'kukayenda m'mapiri a Appalachia ku America pamodzi ndi womuthandiza Maud Karpeles kusaka nyimbo zakale za Angelezi. Mu 1917, pasukulu ya Pine Mountain ku Kentucky, anaona anthu akuvina usiku mwaliwiro, popanda choimbira chilichonse, kungoomba m'manja ndi kuponda pansi, wina akufuula. Anakomedwa, n'kulengeza kuti wapeza gule wa ku England wakale kuposa a Playford, wosungika m'mapiri ngati mbewu m'nkhokwe. Sharp ndimamupatsa ulemu, pakuti popanda iye zambiri zikanatayika, koma apa anaona chimene ananyamuka kwawo akufuna kuona. M'guleyo munali fungo la France, kuomba m'manja ndi kufuulako kunali kwa anthu akuda, ndipo ku England kwa makolo akewo caller kunalibe.

Wina anali Henry Ford, mwini fakitale ya magalimoto. Jazz ankadana nayo, ati ikuononga achinyamata, ndipo nyuzipepala yake ya Dearborn Independent inkaloza chala Ayuda pa nkhaniyi. Mankhwala ake anali magule akale. Anakatenga mphunzitsi Benjamin Lovett ku Massachusetts n'kupita naye kwawo ku Dearborn, anatulutsa buku la malangizo lotchedwa Good Morning mu 1926, anamanga holo yovinira imene inatsegulidwa mu 1937, ndipo ndalama zake zinalowetsa magulewa m'masukulu ambiri. Pothawa nyimbo za anthu akuda, mkuluyu anakabisala mu gule amene anthu akuda omwewo anathandiza kumuumba.

Lloyd Shaw, mkulu wa sukulu ya Cheyenne Mountain ku Colorado Springs, anatolera mafuulidwe a okalamba akumadzulo, n'kutulutsa Cowboy Dances mu 1939, n'kumaphunzitsa aphunzitsi anzake pa tchuthi. Nkhondo yachiwiri itatha, maikolofoni ndi galamafoni zinatheketsa kuti caller mmodzi alamulire chikhamu: mu 1950 ku Santa Monica anthu oposa 15,000 anavina pamsewu usiku umodzi. Zipewa ndi masiketi aja ndi za nthawi imeneyi. Ofuulawo anayamba kupikisana popeka mafuulidwe atsopano mpaka ovina mitu inaima, ndipo mu 1974 anakhazikitsa bungwe la Callerlab kuti pakhale mndandanda umodzi. Ubwino wake, wa ku Japan ndi wa ku Germany akhoza kuvina limodzi, poti mawu ofuulira ndi Achingelezi kulikonse. Koma kuti ulowe m'kalabu uyenera kukhala miyezi ingapo ukuphunzira mafuulidwe ambirimbiri. Sukulu imene woliza vayolini uja anaithetsa inabweranso, pano ili ndi yunifomu.

Contra anayenda njira ina. Atatha fasho m'mizinda, anatsalira m'midzi ya New Hampshire ndi Vermont, m'maholo a alimi ndi m'makhitchini, mipando ndi matebulo atazitulutsira panja. Ralph Page, wobadwa mu 1903 m'dera la Nelson lomwelo, anamusunga kwa zaka zambiri, ndipo m'ma 1960 ndi 1970 Dudley Laufman anakokeramo achinyamata, ena akuvina opanda nsapato. Opeka magule atsopano anachotsa kudikira kuja. Lero pafupifupi aliyense amakhala akuyenda kuyambira pomwe nyimbo yayambira.

Nyimbo ya contra imakwana masitepe 64. Ili ndi zigawo ziwiri, chilichonse chobwerezedwa kawiri, zonse pamodzi ngati theka la mphindi, ndipo gule amapekedwa kuti akwane ndendende mmenemo. Caller amayamba wayendetsa anthu kamodzi kapena kawiri popanda nyimbo. Nyimbo ikayamba, amatchula chochita kutatsala masitepe angapo, kuti mawu ake athere pamene phazi likuyenera kunyamuka. Akachedwa pang'ono chabe, mzere wonse umagundana mapewa. Ulendo wachitatu kapena wachinayi amayamba kudula mawu, chiganizo chonse n'kutsala liwu limodzi. Akaona kuti mapazi agwira, amatsitsa maikolofoni n'kumangoyang'anira, ndipo muholo mumangomveka vayolini, piyano ndi nsapato pa matabwa, mpaka mlendo wina kumchira atasochera.