Kachipangizo koyezera galimoto kaja, kazuleni mukamaliza

Masiku ano dandaulo limene landikwana pagalaja pano ndi limodzi lomweli. Munthu amafika atajampitsa galimoto n'kunena kuti, "Amisiri, batire ndagula latsopano, alternator ndasinthitsa, koma m'mawa uliwonse mpaka ana akankhe." Ndikasuzumira pansi pa chiwongolero ndimapeza kachipangizo kofanana ndi bokosi la machesi katasomekedwa, kanyale kake kakuphethira, pomwe injini ndi yozima ndipo kiyi ali m'thumba mwa mwiniwake. Ndikafunsa amati, "Aka n'kongoyezera pafoni, sikangadye batire."

Kamadya, abale anga. Pamalo pamene mumakasomekapo, pamene timati OBD-II, pali timabowo 16. Kabowo ka nambala 16 kamalandira magetsi kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi, ndipo sikadikira kiyi. Usana ndi usiku pamakhala moto. Galimoto yabwinobwino mukaizimitsa ndi kutseka zitseko, makompyuta ake amagona pakapita mphindi zingapo, ndipo magetsi amene amatsala akuyenda sayenera kupitirira pafupifupi ma milliamp 50. Zipangizo zopangidwa bwino nazo zimagona. Koma tambiri totchipa timeneti, tolembedwa ELM327 chonsecho tili tongokopera, sitigona ayi. Bluetooth imachezera kufunafuna foni. Tina timaposa pamenepo: timangotumiza mafunso pa timabowo 6 ndi 14, pamene padutsa mawaya a CAN olumikiza makompyuta a galimoto, ndiye makompyutawo amalephera kugona, onse n'kumakoka magetsi mpaka kucha.

Amene amayenda tsiku ndi tsiku pa M1, kupita ku Lilongwe ndi kubwerera, mwina sangaone vuto msanga chifukwa alternator imabwezera zomwe zadyedwa usiku. Amene amalira ndi mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe amene galimoto yake imaima sabata yonse pansi pa mtengo, komanso wa pa boma pano amene amangoyenda kuchoka kunyumba kufika kuntchito. Ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta athuwa ali ndi mabatire ang'onoang'ono. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 volts, ndipo likamatsikira pansi pa 12 mobwerezabwereza limawonongeka mkati, silibwereranso mwakale ngakhale mulitchaje. Ndiye munthu amapita kukatukwana wogulitsa kuti anamugulitsa batire lachinyengo, pomwe wakuba ali pafupi ndi bondo lake lomwe. Eni mataxi amene mwasomeka tracker pamalo omwewa, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Sindikuti muichotse, koma wamagetsi aike mita pa batire, galimoto itazima, muone ndi maso anu kuchuluka kwa zomwe ikukoka.

Kutha kwa batire n'kwapang'ono poyerekeza ndi zina zimene ndimaona. Kachipangizo kosapangidwa bwino kakamasokoneza mauthenga a pa CAN galimoto ikuyenda, dashibodi imayaka nyale zosadziwika kochokera: ABS ya mabuleki, airbag, ya chiwongolero. Muvi wa liwiro umagwa n'kudzukanso, magiya nthawi zina amakana kusintha. M'misewu yathu yafumbi ya kumaesiteti kamagwedezeka, bondo limakagunda, timano ta m'kati mwa soketi timatanuka. Tsiku limene mudzafune makina enieni, amakana kulumikizana, ndiye ndiyambe kukonza soketi ndisanafike n'komwe pa chimene mwabwerera. Za malole ndingonena mwachidule: ambiri mwa amene amanyamula mabelo kupita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma ndi a 24 volts, ndipo kachipangizo kopangidwira 12 volts mukakasomeka pamenepo kakhoza kupsa.

Palinso anyamata a kawaya. Anamva kuti pa Toyota ukalumikiza kabowo 4 ndi 13, nyale ya check engine imaphethira n'kukuwerengera makodi, manambala osonyeza vuto limene kompyuta yapeza. Ndi zoona, njirayi ilipo. Koma soketi pa galimoto zina inaikidwa chozondoka, malo ndi amdima, munthu wagona chagada ndi tochi ya foni kukamwa. Akawerenga molakwika n'kukhudza 16, mwamwayi imapsa fyuzi yokha, imene pa Toyota zambiri ndi ya 7.5A yolembedwa OBD. Mopanda mwayi moto umalowa m'mawaya a makompyuta. Ndipo fyuzi ikapsa, musalole aliyense kuikapo ya 30A kapena kumangapo waya. Fyuzi ija inafa kuti computer box ipulumuke.

Koma chimene chimandipweteka mtima kwenikweni ndi batani la pafoni lofufutira makodi. Ndikukumbukirabe bambo wina amene ankayendetsa Sienta yake pa msewu wa ku Mtunthama, galimoto ya ngongole. Injini inayamba kunjenjemera, nyale ya check engine ikuphethira akamakwera mtunda. Pa depoti panali mnyamata wa foni ndi kachipangizo kake, amene pa ndalama yochepa ankasomeka, n'kudina, nyale n'kuzima. Bamboyo ankanyamuka wokondwa kuti galimoto "yalowa pa kompyuta". Nyale ikabwerera, naye ankabwerera kwa mnyamatayo. Kenako anagula kachipangizo kakekake n'kukasiya chisomekere, kuti azifufuta yekha akamadikira okwera.

Vuto lonse linali koilo imodzi yakufa, kachipangizo kopereka moto ku pulagi. Silinda imodzi sinkawotcha, petulo wosapsa ankapita ku ekizozi n'kukapsera mu catalytic converter, chosefera utsi cha mu ekizozimo, mpaka zam'kati mwake zinasungunuka ndi kutseka njira ya utsi. Pofika kwa ine, galimoto inkalephera kukoka ngakhale ili ndi anthu atatu, pansi pake pakutentha koopsa, batire nalo litatheratu. Inaima nthawi imene fodya akugulitsidwa, pamene okwera amachita kulimbirana malo, ngongole ikumudikira mwezi ndi mwezi. Chondiwawa n'chakuti galimotoyo sinabise kanthu. Kuyambira tsiku loyamba inkanena silinda imene ikudwala, ndipo kodiyo inkaoneka pafoni nthawi iliyonse asanadine. Palibe anaiwerenga. Bamboyo atandifunsa kuti, "Ndiye amisiri, ndikanabwera poyamba paja zikanatha ndi koilo yokha?" ndinasowa poyang'ana.

Kufufuta sikukonza chilichonse, ndipo kumatilanda ife amisiri umboni. Kompyuta ikalemba kodi imasunganso mmene zinthu zinalili panthawiyo: liwiro, kutentha kwa injini, ma rev, kuchuluka kwa mafuta amene inkawonjezera. Mukadina batani lija zonsezi zimapita. Mukabwera nayo ili yoyera, ndimayamba kufufuza mumdima, nthawi imatalika, ndipo ndalama yake mumalipira ndinu.

Kodi nayonso si dzina la sipeya. P0171 imangonena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Sinanene kuti mukagule oxygen sensor. Kuno kwathu kafumbi kuno, kawirikawiri ndimapeza sensa ina, yoyeza mpweya wolowa mu injini, yadetsedwa chifukwa fyuluta inang'ambika kalekale, kapena paipi ya mpweya yasweka kunsi kosaoneka, kapena pampu ya mafuta yafooka. Munthu amene akuwerengerani kodi n'kukutumani kusitolo nthawi yomweyo, osagwira mita, osatsegula boneti, akungoyesa mwayi ndi ndalama zanu. Dziwaninso kuti tizipangizo totchipati kawirikawiri timawerenga za injini zokha, sitiona za ABS, airbag kapena giyabokosi ya CVT, ndipo galimoto zina zakale zochokera ku Japan sizilankhula nato n'komwe. Foni ikalemba kuti palibe vuto, sindiye kuti mabuleki anu ali bwino.

Sindikuletsa munthu kukhala nako. Woyendetsa amene amabwera atajambula makodi pafoni, osafufuta, amandithandiza kwambiri. Kasomekeni kiyi ali chozima, tsegulani kiyi, werengani, jambulani, zimitsani, kazuleni, kaikeni m'kabati ka kutsogolo. Ngati batire lanu likutha usiku ndipo pali chinthu chosomekedwa pamenepo, chizuleni, mutchajitse batire lidzaze, galimoto igone masiku awiri musanagule chilichonse. Ikadzalira bwinobwino mwadziwa komwe magetsi amapita. Ikakanabe, wamagetsi ayeze fyuzi iliyonse payokha. Koma nyale ya check engine ikamaphethira m'malo mongoyaka, chepetsani liwiro ndi katundu, ndipo galimotoyo ionedwe tsiku lomwelo. Ikayaka yofiira ya oilo kapena ya kutentha, imani pambali, zimitsani injini, muimbire makaniko akupezeni pomwepo.