Mulu wa mtovu wa ku Kabwe ndi mbiri yake

Tawuni ya Kabwe, pakati pa dziko la Zambia, inakula chifukwa cha mtovu ndi zinki. Mu 1902 katswiri wina wa za miyala, T.G. Davey, anapeza miyala ya mtovu pamalopo ndipo anawatcha Broken Hill, potengera dzina la mgodi wa ku Australia. Njanji itafika mu 1906 ntchito inayamba kuyenda mwamphamvu, amuna n'kumachokera kutali, ena ku Nyasaland, kudzalembedwa ntchito. Mgodiwo unkadya magetsi ambiri moti anaumangira damu la Mulungushi, lomwe linatsegulidwa mu 1925. Ndi mumgodi womwewu mmene mu 1921 anafukula chigaza cha munthu wakalekale chimene mpaka lero chili ku London.

Chomwe chinasiya bala lalikulu ndi ng'anjo. Mtovu sutuluka m'mwala wokha: mwalawo umaperedwa, n'kuwotchedwa, n'kusungunulidwa, ndipo utsi ndi fumbi zimakwera m'mwamba. Mu 1962 anayatsa ng'anjo yaikulu yotchedwa Imperial Smelting Furnace, yosungunula mtovu ndi zinki nthawi imodzi. Mphepo ya ku Kabwe nthawi zambiri imachokera kum'mawa, choncho fumbilo linkagwera ku Kasanda, kumene kunali nyumba za antchito akuda. Linkagwa pamadenga, pabwalo posewera ana, pamasamba a m'dimba ndi pa ufa woyanikidwa pamphasa. Madokotala a pamgodi anaziona. Mu 1975 dokotala A.R.L. Clark analemba za kuchuluka kwa mtovu m'magazi a ana a ku Kasanda, koma ng'anjo inapitiriza kuyaka kwa zaka pafupifupi 20.

Zotsalira zonse zinkaunjikidwa kumbuyo kwa fakitale: matope otsala pochapa miyala, phulusa, ndi timiyala takuda totuluka m'ng'anjo. Eni mgodi ankadziwa kuti m'zinyalalazi mudakali chuma, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anamanga ng'anjo zina zozungulira, za Waelz, zowotchanso zotsalirazo kuti akamemo zinki ndi mtovu. Ndiye kuti kubwerera ku mulu wa zinyalala kunayamba kale, mgodi ukadali moyo.

Boma litatenga migodi m'manja mwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mgodiwu unadzathera m'manja mwa kampani ya boma ya migodi yotchedwa ZCCM, yomwe inautseka mu 1994. Ntchito zinatha, koma mulu wa matani oposa 6 miliyoni unatsala pamtunda wosafundidwa. Anthu amautcha Black Mountain. Amuna ndi amayi osowa pogwira anayamba kukwerapo ndi makasu, mapiki ndi matumba, kufunafuna miyala ndi zitsulo zogulitsa. Sindingawadzudzule, pakuti njala siidikira. Koma madzulo amabwerera kunyumba zovala zili mbuu, mwana n'kuwathamangira kudzawakumbatira. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu msanga kuposa wamkulu, ndipo umawononga ubongo moti sukonzekanso. Ofufuza a University of Zambia ndi anzawo a Hokkaido University anapeza ana ambiri a m'madera oyandikira mgodi ali ndi mtovu wopitirira kutali muyeso woopsa.

Makampani nawonso anabwerera. Enviro Processing Limited inapeza chilolezo pa zotsalirazo, ndipo mu 2019 Jubilee Metals inagula fakitale yoyenga zitsulo ya Sable Zinc, ya ku Kabwe komweko, kwa kampani ya Glencore. Ena ang'onoang'ono amatumiza malole kudzanyamula dothi. Amene amavomereza ntchitoyi amati kuchotsa chitsulo m'muluwo ndiyo njira youchepetsera. Mfundoyo ikanamveka ntchito ikanamachitika dothi lili lonyowetsedwa, malole atafundidwa, ndi zotsala zikukwiriridwa bwino. Bungwe la Human Rights Watch, m'malipoti ake a 2019 ndi 2025, linasonyeza kuti kukumba ndi kunyamula kumeneku kukufalitsa fumbi la poizoni, ndipo milu ina ikutayidwa m'mbali mwa misewu. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka ndalama mu 2016 zoyeretsera makomo ndi kuchiza ana, koma bwalo loyeretsedwa limadetsedwanso ngati gwero la fumbi likadali lotsegula.

Funso loti alipire ndani linafika kubwalo la milandu ku Johannesburg mu Okutobala 2020. Maloya a Mbuyisa Moleele ndi Leigh Day anasumira Anglo American South Africa m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, ponena kuti kampaniyo inali ndi dzanja pamgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Anglo imakana, imati inali ndi masheya ochepa chabe ndipo udindo unapita kwa ZCCM. Mu Disembala 2023 woweruza anakana kuti mlanduwo umvedwe ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Ana ambiri a pamlanduwo anabadwa ng'anjo itazima kale, ndipo akukhalabe m'madera oyandikira mgodi a Kasanda, Makululu ndi Chowa.