Mapepala a ku Joni: mafunso ndi mayankho pa ziphaso zogwirira ntchito ndi zokhalira ku South Africa

Agogo athu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, mapepala onse atakonzedwa kale ndi owalemba ntchito. Khomo limenelo linatsekeka kalekale. Lero munthu amakwera basi, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo nkhani ya mapepala ili pamutu pake yekha. Lamulo loyendetsa zonsezi ndi Immigration Act ya 2002, ndipo unduna wake ndi Home Affairs.

Ndikalowa ndi pasipoti ya Malawi amandipatsa masiku. Kodi ndingagwire ntchito ndi masiku amenewo?

Ayi. Masiku amene amakulemberani pachipata, osapitirira 30, ndi a mlendo wodzacheza. Kugwira ntchito nawo, ngakhale ganyu ya pamunda, n'kuphwanya lamulo, ndipo wokulembaniyo nayenso ali ndi mlandu. Musananyamuke pawindo yang'anani tsiku limene alemba pachidindo, chifukwa nthawi zina amapereka ochepa, ndipo lolembedwalo ndi limene limagwira ntchito.

Nanga masiku akatha ndili konko?

Kuyambira mu May 2014, wopitiriza masiku salipitsidwanso chindapusa pachipata. Amaletsedwa kubwereranso. Mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, chiletso ndi chaka chimodzi. Mukabwereza pasanathe miyezi 24, zaka ziwiri. Mukaposa masiku 30, zaka zisanu. Apolisi akakugwirani mkati mwa dziko, njira yake ndi ya ku Lindela, malo osungirako alendo obwezedwa kwawo ku Krugersdorp, kudikira basi yokubwezani kumudzi, katundu yense atatsala m'chipinda cha lendi.

Ambiri amapatsira pasipoti kwa wina wopita kuchipata kuti akawadinditsire, mwini wake ali phee ku Johannesburg. Chonde musatero. Chidindo chingaoneke bwino ndi maso, koma ngati mukompyuta ya Home Affairs mulibe kutuluka ndi kulowa kwanu, tsiku lina wapawindo adzatembenuza tsamba, adzayang'ana pakompyuta, kenako adzakuuzani kuti muime pambali. Wopezeka ndi chiphaso kapena pasipoti yachinyengo amaikidwa m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikomo, ndipo chiletso chimenechi sichitha chokha pakapita zaka monga zinazi.

Ndiye chiphaso chogwirira ntchito chimapezeka bwanji?

Zodziwika ndi ziwiri, ndipo chilichonse chimatha kufika zaka zisanu. Critical skills work visa ndi ya anthu amene ntchito yawo ili pamndandanda wa maluso osowa umene boma limatulutsa, monga mainjiniya ena ndi akatswiri ena a zamakompyuta. General work visa ndi ya ntchito zina zonse. Kuyambira mu October 2024, nduna ya Home Affairs Leon Schreiber inakhazikitsa njira ya mapointi, ndipo pamafunika 100. Ntchito ya pamndandanda uja imakupatsani 100 onse nthawi imodzi. Kwa enanu amawerengera maphunziro, zaka zimene mwagwira ntchitoyo, chiyankhulo ndi malipiro, ndipo malipiro amayamba kupereka mapointi akafika cha m'ma R650,000 pachaka.

Apa ndinene mosabisa, ngakhale zikuwawa. Abale athu ambiri ali m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'malesitilanti, m'mafamu ndi pa zomangamanga. Kwa iwowa mapointi 100 safikirika. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwapo ziphaso zapadera, ZEP ndi LEP, koma Amalawi sitinakhalepo nacho chotero. Wina akakuuzani kuti akupezerani chiphaso cha ntchito ya m'nyumba pa mtengo wakutiwakuti, dziwani kuti akukugulitsani pepala limene lidzakumangitsani.

Ngati maphunziro anu akukwana, pempho loyamba mumapereka muli kumudzi, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha masiku ake kukhala chiphaso cha ntchito ali mkati. Pafunika kalata ya ntchito, chikalata cha dokotala, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti mulibe mlandu, ndiponso satifiketi zanu ziunikidwe ndi bungwe la SAQA. Za SAQA ziyambeni msanga, zimadya nthawi.

Ndinakwatira, kapena ndinakwatiwa ndi nzika ya South Africa. Kodi basi ndakhala wa konko?

Ukwati pawokha supereka chilolezo, umangotsegula khomo lopemphera. Ndipo pali makomo awiri amene anthu amawasokoneza. Relative's visa imakulolani kukhala ndi banja lanu mpaka zaka ziwiri, koma siyilola kugwira ntchito. Chiphaso cha gawo 11(6) la Immigration Act ndiye cha mwamuna kapena mkazi wa nzika, kapena wa munthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo chingalembedwe kuti mugwire ntchito, muchite bizinesi kapena muphunzire. Apa palibe za mapointi. Kalata ya wokulembani ntchito ndiyo yofunika, ngakhale ntchitoyo ikhale yophika kapena yoyendetsa galimoto. Ndaonapo mayi atanyamula fayilo ya pulasitiki yodzaza mapepala, atadikira miyezi, chiphaso chitatuluka n'kupeza kuti anapempha chosalola ntchito, abwana akudikira Lolemba. Werengani bwino chimene mukupempha musanalipire ku kampani ya VFS Global kumene mumapereka pempholo, chifukwa iwo amangolandira mapepala, chigamulo chimachokera ku Home Affairs.

Kale okwatirana nawonso ankauzidwa kuti abwerere kwawo kukapempherako. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, Khoti la Malamulo Aakulu linagamula kuti mwamuna, mkazi kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wokhazikika angasinthe chiphaso chake ali mkati mwa dziko. Koma chitani zimenezi masiku anu asanathe.

Ukwati wa kumudzi, wa ankhoswe ndi nkhuku, ndi ukwati ndithu, koma pawindo amafuna mtchatho. Ulembetseni. Amene mukungokhalira limodzi lamulo limakuzindikirani ngati mwakhala zaka ziwiri kapena kuposa, mutasainirana pangano kwa loya wotsimikiza zikalata, ndiponso muli ndi umboni wakuti mumathandizana pa ndalama za pakhomo. Yembekezerani kufunsidwa mafunso nonse awiri. Ukwati wogula, wolipira munthu kuti angosaina, umagwidwira pamenepa, ndipo umasiya munthu wina atalembedwa kuti ali pabanja ndi mlendo amene sadziwa n'komwe kumene amagona.

Banja likatha, ine ndi ana zitithera bwanji?

Chiphaso cha 11(6) chimaima pa ukwatiwo, ndiye ukatha nachonso chimagwa. Zimenezi zinkachititsa anthu ena kupirira nkhanza poopa kusiyana ndi ana. Mu December 2023, pa mlandu wa Rayment, khoti lomwe lija linagamula kuti kholo lochokera kunja limene likulera kapena kuthandiza mwana amene ndi nzika kapena wokhazikika lingapemphe kupitiriza kukhala ndi kugwira ntchito. Nthawi yopemphera ndi yochepa, choncho musadikire kuti mtima uyambe waphwa.

Chilolezo chokhazikika chimabwera liti?

Wantchito angapemphe akakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito zaka zisanu ndipo walonjezedwa ntchito yokhazikika. Wapabanja angapemphe ukwati ukakwanitsa zaka zisanu, koma ukatha pasanapite zaka ziwiri chilolezocho chitaperekedwa, chimafa, pokhapokha ngati mnzanuyo wamwalira. Yankho limachedwa, ena amadikira zaka. Pa nthawi yonseyo chiphaso chanu chakale chizikhala chamoyo, ndipo pempho lochiwonjezera lizipita kutatsala masiku 60 kuti chithe. Lisiti yakuti munapempha kukhazikika siyilowa m'malo mwa chiphaso.

Mukachipeza mumagwira ntchito kulikonse ndipo mumalandira chitupa, koma simuvota. Mukakhala kunja kwa South Africa zaka zoposa zitatu angakulandeni, ndiye amene mukumanga nyumba ku Mzimba kapena ku Mangochi muziwerenga zaka. Unzika ndi pempho lina, lobwera mutakhala wokhazikika zaka zisanu.

Abwana akukana kundilipira ati poti ndilibe mapepala. Ndingatani?

Thukuta lanu lili ndi mtengo ngakhale mapepala palibe. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene chiphaso chake sichili bwino ndi wantchito ndithu pamaso pa malamulo a ntchito, ndipo angadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Kudandaula kumeneko n'kwaulere. Sikukonza mapepala anu, ndipo kungaulule mmene mukukhalira, choncho kambani kaye ndi mabungwe othandiza pa zamalamulo kwaulere, monga Lawyers for Human Rights. Ngati anakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okha oti mukadandaule. Sungani mauthenga a pa WhatsApp amene abwana ankakutumirani, ndipo muzilemba m'kope tsiku lililonse limene mwagwira ntchito ndi ndalama zimene munalandira.