Silver kutenga ligi mu 2024, nkhani yake inayambira kutali

Ana a masiku ano ambiri amangodziwa zoti Silver Strikers inatenga TNM Super League mu 2024 basi, koma chifukwa chomwe madala ena ku Area 47 komwe kuli bwalo la Silver, ku Area 25 ndi kwa Kawale anasangalala ngati afuna kulira samachimvetsa. Zaka 11 zinali zitadutsa chitengereni ligi timu imeneyi, ndipo mzinda wonse wa Lilongwe unali utakhala zaka 8 chikho cha ligi osachiona. Likulu la dziko limenelo. Kuti mumvetse bwino bwino pafunika tibwerere m'mbuyo, chifukwa vuto la mpira wa ku Lilongwe silinayambe dzulo ayi, linabadwa limodzi ndi mzindawu.

Likulu linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Nthawi imeneyo mpira wa ku Blantyre unali utakhwima kale, Wanderers inalipo chiyambire 1962, Bullets inabadwa mu 1967 anthu ena atagalukira ku Wanderers komweko, ndiye udani wawowo ndi wa pachibale, n'chifukwa chake sumatha. Anthu omwe anabwera kudzadzaza ma ofesi a ku Capital Hill, kudzamanga nyumba, kudzagulitsa mu msika, ambiri anachokera kum'mwera kapena anaphunzira konko, ndipo anabwera ndi akatundu awo komanso matimu awo mu mtima. Mwana wobadwira ku Area 18 bambo ake ali a Maule, dzina lina la Bullets, naye amakula ali wa Maule, sizimafunsidwa zimenezi. Onjezerani wailesi. MBC inali imodzi yokha dziko lonse ndipo inali ku Blantyre, munthu wa ku Mitundu kapena ku Nsaru yemwe sanapondeko pa Kamuzu Stadium amawadziwa a Kinnah Phiri, a Jack Chamangwana, a Lawrence Waya kudzera pa kawailesi ka mabatire, kenako mawu a Steve Liwewe Banda anadzakometsa zonse. Flames yomwe inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979 msana wake unali anyamata a matimu a ku Blantyre, Kinnah yekha anagoletsera dziko zigoli 71. Ndiye mwana akamasewera mpira wa mapepala pa fumbi amafuna atchedwe dzina la ndani?

Matimu a kuno anabadwa mosiyana, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Silver inayamba mu 1977 ngati timu ya Reserve Bank, n'chifukwa chake mpaka lero timati ma Bankers. Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma, dzina lakhala likusintha, Civo United, Civil Sporting, pano Civil Service United, koma mwini wake ndi yemweyo. Blue Eagles ndi apolisi a ku Area 30, bwalo lawo Nankhaka. Kamuzu Barracks ndi asilikali. Onani bwino, banki, boma, polisi, asilikali. Palibe ngakhale imodzi yomwe munganene kuti iyi inaphuka pa Mchesi kapena kwa Chinsapo anthu eni ake akusonkherana ndalama yogulira mpira ndi ma jezi. Ubwino wake ulipo ndithu ndipo sindikuupeputsa, wosewera wa Eagles kapena KB amakhala ndi ntchito, mwezi ukatha amalandira, mpira ukatha sagwira njakata, pomwe matimu a anthu aja sponsa akachoka osewera amatha miyezi osaona kanthu. Koma munthu wogulitsa kaunjika pa Tsoka kapena wa kabaza pa Chigwirizano kuti aike mtima wake pa timu ya banki yaikulu, kapena ya apolisi omwe dzulo amathamangitsana nawo mu tauni, zimafuna nthawi, ndipo nthawi zina sizitheka n'komwe.

Super League inayamba mu 1986, poyamba ndi thandizo la Gillette Nacet. Isanabwere, Blantyre inali ndi ligi yake ya Blantyre and Districts, kuno kunali Lilongwe and Districts, matimu amakumana kwenikweni mu zikho ngati Kamuzu Cup ndi Chibuku Cup. Sizoni yoyamba inapita kwa Bata Bullets. Koma chomwe ambiri saziwa kapena anaiwala n'choti yachiwiri, mu 1987, inabwera ku Lilongwe ndipo sinali Silver ayi, inali Civo. Ma Servants ndi amene anayamba kubweretsa chikho cha ligi mu mzinda uno, ndipo chiyambire pamenepo sanachitengenso. Mukamadutsa pa Civo Stadium ku Area 9 mudzikumbukira zimenezo, bwalo limene lija lakalamba koma lili ndi mbiri.

Silver inadzatenga koyamba mu 1993, ndipo zaka za m'ma 1990 inatenga katatu, dzina la Young Chimodzi simungalisiye mukamakamba za timu imeneyi, munthu anasewerera Silver ndi Flames kenako n'kudzaphunzitsa konse kuwiri. Kenako kunagwa mdima. Kuyambira 1999 mpaka 2005 Bullets inatenga ligi ka 7 kotsatizana, dzina likusintha, Bata, Total, mpaka Bakili Bullets pomwe a Muluzi anathiramo ndalama ndipo timu inafika mu magulu a CAF Champions League mu 2004 kochi ali Kinnah Phiri. Mwana yemwe anayamba sukulu mu 1999 anafika Standard 7 asanaonepo timu ina ikunyamula chikho. M'badwo wonse umenewo, ngakhale wa kuno ku Lilongwe, unapita ku red kwa Bullets, ndipo sindingawadzudzule.

Zinthu zinatembenuka TNM italowa mu 2007. Bullets inali pa mavuto a ndalama sponsa atachoka, Wanderers nayo imangoti apa yadzuka apa yagwa, ndiye apa timu yokhala ndi thumba lokhazikika inaoneka phindu lake. Silver inatenga mu 2008, inatenganso 2010, Escom United ya ku Blantyre inalowerera kamodzi, kenako ma Bankers katatu kotsatizana mpaka 2013. Masizoni 6, zikho 5. Amenewo ndiwo anali masiku a Silver Stadium, a Lucky Malata kumbuyo, Green Harawa ndi Rodrick Gonani kutsogolo, ndipo masapota ambiri a Silver omwe mukuwaona lero a zaka za m'ma 25 kapena 30 anagwidwa nthawi imeneyo. Kupambana kumabala masapota, palibe njira ina.

Koma chikho cha 2013 chija chili ndi chilonda. Kumapeto kwa December chaka chimenecho, gemu ya Wanderers ndi Silver pa Balaka Stadium inathera panjira chifukwa cha ziwawa, miyala kuuluka, utsi okhetsa misozi, ndipo munthu mmodzi anataya moyo. Ligi inapita ku Silver inde, koma nkhani zake zinakathera m'ma ofesi ndi zilango, chisangalalo chenicheni panalibe, banja lina linali pa maliro chifukwa cha mpira. Ine ndimaona kuti aliyense wokonda Silver akuyenera kuidziwa nkhaniyi, osaibisa. Ndipo chichokereni tsiku limenelo ligi inangoti zii, osabweranso ku 47 kwa zaka 11.

M'katikati mwa zaka zimenezi muli 2016, sizoni yomwe ine ndimaikonda kwambiri ngakhale anthu saikamba mokwanira. Kamuzu Barracks, kochi Billy Phambala, timu yopanda mayina akuluakulu, yopanda khamu la masapota, mpira wake wa mphamvu ndi kuthamanga mphindi 90 zonse, inawasiya onse Maule, Manoma (Wanderers) ndi ma Bankers n'kukhala timu yoyamba ya asilikali kutenga Super League. Red Lions ya ku Zomba, Moyale ya ku Mzuzu, Mafco ya ku Salima onsewa anayesa zaka ndi zaka osatheka, anadzatha ndi a KB. Koma funsani anthu mu minibasi ya ku Likuni kuti anatenga ligi mu 2016 ndani, ambiri akanda mutu. Ikanakhala timu ya m'makwalala mzinda ukanatsekeka sabata yonse, koma poti ndi ya ku barracks chisangalalo chambiri chinathera mkati mwa mpanda.

Chaka chotsatira, mu January 2017, Bingu National Stadium inatsegulidwa ku Area 48, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, anthu oposa 40,000 kukwana. Tinkati basi mpira wasamukira ku likulu. Mbali ina zinatheka, ma fainolo ambiri akuseweredwa pano, Flames imasewera pano chifukwa Kamuzu Stadium CAF inaikana, ngakhale Bullets imene ikamasewera za CAF pakwawo pamakhala pa Bingu. Koma bwaloli linaonetsanso poyera chomwe timachidziwa kale, likadzadza ndiye kuti kwabwera Bullets kapena Wanderers, ndipo Silver ikamalandira Bullets mu mzinda wake womwe, ofiira amachuluka kuposa a sky blue. Capital City derby ya Silver ndi Civil, yomwe kwina kulikonse ikanakhala gemu yotseka misewu, mipando yambiri imakhala yopanda anthu. Ndipo pa 6 July chaka chomwecho anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa mageti a Bingu pa kuponderezana akufuna kulowa kuti akaonere Bullets ndi Silver pa chikondwerero cha ufulu. Ana amenewo anangofuna kuona mpira.

Zikho zing'onozing'ono Silver imatola ndithu. Airtel Top 8 yoyamba mu 2017 inali yawo ataposa Wanderers pa mapenate, 2019 anatenganso, FDH Bank Cup yoyamba mu 2021 ndi kochi wa ku Zambia Dan Kabwe. Koma chikho cha knockout ndi magemu ochepa, ukhoza kudutsa ndi mapenate ndi mwayi. Ligi ndi ina, matimu 16, magemu 30, kuyambira cha mu April mpaka mvula itayamba mu December, upite ku Karonga ukapse ndi dzuwa, ukwere Chitipa, utsikire ku Chitowe ku Dwangwa komwe Mafco simwetulira mlendo, ubwerere pa kapeti wa Kamuzu Stadium. Apa m'pomwe Bullets ya Kalisto Pasuwa inalibe mnzake, 2018, 2019, sizoni ya Covid ija yomwe inayamba mochedwa mu November 2020, kenako 2022 ndi 2023, kasanu kotsatizana, zonse pamodzi zikho 17. Lilongwe imangothera pa nambala 2, Silver mu 2021, Blue Eagles mu 2022, Silver kachikenanso mu 2023 ndi mzungu wa ku Holland Pieter de Jongh. Za Eagles ndiye zomvetsa chisoni, chaka chino nambala 2 chaka chamawa nkhwangwa yawadula kutuluka mu ligi. Ndipo 2023 inawawa kwambiri chifukwa Bullets inasesa zonse zinayi, ligi, FDH, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, fainolo ya Castel kuposa Silver yomweyo pa mapenate pa Bingu, pakhomo penipeni.

Ndiye 2024 inafika anthu atatopa. TNM inakweza thandizo kufika K500 million, wopambana K100 million, ndalama yomwe ligi yathu inali isanaionepo. Akuluakulu a Silver anachita chinthu chomwe masapota ena poyamba sanachilandire, anatenga Peter Mponda kukhala kochi. Mponda ndi mwana wa Bullets kuyambira kuphazi mpaka kumutu, anali kaputeni wawo ndi wa Flames, anakhala wachiwiri kwa Pasuwa zaka zingapo. Pakati pa bwalo panalinso Chimwemwe Idana, naye wokulira ku Bullets. Kunena zoona Silver inakatenga nzeru kwa mdani, ndipo zinagwira. Timu inayamba mwa ukali, miyezi kudutsa osagonja, George Chikooka pagolo, Nickson Mwase ndi Maxwell Paipi kutchinga, McDonald Lameck kukwera ndi kutsika mbali yake, Binwell Katinji kumwetsa. Chomwe chinasintha kwa ine si kukongola kwa mpira ayi, Silver imasewera bwino kale ngakhale zaka za njala zija, koma magemu aja omwe kale amataya ma pointi mopusa, kutsogola kenako kubwezeredwa mphindi zomaliza pa mabwalo a kutali, chaka chimenechi amatuluka nawo ndi kanthu. Pomaliza Wanderers inathera pambuyo pawo, Bullets kumbuyo kwake, chikho cha nambala 9 chinalowa ku 47. Chaka chomwecho Blue Eagles, ili mu ligi yaing'ono, inatenga FDH Bank Cup pogonjetsa Bullets ndipo inabwereranso mu Super League. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri munthu wa ku Lilongwe amatha kulankhula mokweza pa nkhani za mpira.

Sipanadutse nthawi, kumayambiriro kwa 2025 Pasuwa anapita kukaphunzitsa Flames, mpando ku Bullets unatsala opanda munthu, ndipo Mponda ananyamula chikwama kubwerera kwawo. Masapota a Silver zinawapweteka, ena mpaka kumunyoza pa Facebook, koma ine sindimuona olakwa, munthu anapatsidwa ntchito anaigwira n'kusiya chikho pa tebulo. Chomwe chimandiwawa n'choti ngakhale chaka chomwe Lilongwe inali pamwamba, ku Blantyre kutaitana munthu sanachedwe, ndipo timu ya banki yaikulu ya dziko lino sinathe kumugwira. Udindo unatsala m'manja mwa Peter Mgangira, yemwe anasewerapo Silver yomweyo, ndipo timuyi inasewera mu CAF Champions League mpaka kugonjetsa Young Africans ya ku Tanzania 1-0 pa Bingu mu October 2025, asanakagonje 2-0 ku Dar es Salaam n'kutuluka.