Mkangano wa mawinga a kumanzere mu ice hockey: Hull, Ovechkin ndi anthu ena ovuta

Pa 6 April 2025 Alexander Ovechkin wa timu ya Washington Capitals anachinya chigoli chake cha nambala 895 mu NHL, ligi yaikulu ya ice hockey ya ku America ndi Canada, kupitilira 894 za Wayne Gretzky zomwe anthu ankati palibe adzazifike. Anachinya New York Islanders, pagolo pali mnzake wa ku Russia komweko Ilya Sorokin, ndipo inali gemu yake ya nambala 1,487, chimodzimodzi magemu amene Gretzky anasewera moyo wake wonse mu ligiyi. Masapota ambiri tsiku limenelo anangoti basi nkhani yatha, winga wa kumanzere woposa onse ndi ameneyu. Koma madala a ku Chicago ndi Winnipeg mpaka pano akukanabe, akuti dolo ndi Bobby Hull, nde kuti mumvetse makani awowa pafunika kubwerera kaye ku Detroit zaka za m'ma 1950.

Kwa amene masewerawa simuwatsata, timu imakhala ndi anthu 6 pa ayezi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, kutsogolo atatu, wapakati ndi mawinga awiri. Amamenya ndi ndodo kamphira kolimba kaphwatalala kotchedwa puck. Winga wa kumanzere tingoti ndi nambala 11 wa mpira wathu uja, kungoti uyu amaloledwa kugunda mnzake ndi thupi mpaka kukam'panikiza kukhoma. Mbiri yambiri ya masewerawa inadyedwa ndi apakati monga Gretzky ndi Mario Lemieux, ndi akumanja monga Gordie Howe ndi Maurice Richard. Kumanzere mayina ndi ochepa, koma chodabwitsa n'choti anthu amene anasowetsa mtendere eni matimu anachokera mbali imeneyi.

Woyamba ndi Ted Lindsay wa Detroit Red Wings, kamunthu kakafupi koma kaukali koopsa, mpaka anangomupatsa dzina loti Terrible Ted. Ankasewera limodzi ndi Howe ndi Sid Abel, anatenga Stanley Cup, chikho cha akatswiri a NHL, kanayi, 1950, 1952, 1954 ndi 1955, ndipo amati ndi iye anayambitsa zonyamula chikho n'kumazungulira nacho pa ayezi kuti masapota achione pafupi. Nthawi imeneyo ligi inali ndi matimu 6 okha, osewera analibe mawu, ambiri sizoni ikatha ankakafuna maganyu ena, za ndalama za penshoni yawo samauzidwa bwinobwino. Mu 1957 Lindsay ndi Doug Harvey wa Montreal anayamba kusonkhanitsa anzawo mwakachetechete kuti apange bungwe la osewera. Bwana wa timu ya Detroit Jack Adams atamva zinamuipira kwambiri, anagulitsa Lindsay ku Chicago pamodzi ndi goloboyi Glenn Hall, chonsecho munthuyo anali atangomaliza sizoni yake yabwino kuposa zonse. Chicago nthawi imeneyo inali timu ya kumchira, chinali chilango chenicheni. Bungwe lija linafera m'mazira, lenileni linadzabadwa mu 1967, koma lero mphoto ya wosewera bwino amene amasankhidwa ndi osewera anzake imatchedwa Ted Lindsay Award kuyambira 2010. Mkuluyu anakananso kupita kuphwando lomulowetsa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerawa, mu 1966 ati chifukwa akazi samaloledwa kulowako.

Nde taonani mmene zinthu zimayendera, chaka chomwe Lindsay anaponyedwa ku Chicago ndi chomwe kamnyamata ka zaka 18 kochokera ku Ontario kanayamba kusewera timu yomweyo. Ameneyo ndi Hull, wa tsitsi loyera, liwiro ngati chani, mphamvu za kufamu, anamutcha Golden Jet. Mu 1961 Chicago inatenga chikho. Mu sizoni ya 1965-66 anachinya zigoli 54, munthu woyamba kudutsa 50 pa sizoni imodzi, ndipo kumbukani kuti magemu anali 70 osati 82 ngati nthawi ya Ovechkin. Iye ndi Stan Mikita ndi amene anatchukitsa zopinda ndodo kunsonga, puck ikamenyedwa inkapita mokhotakhota osadziwika kumene ikulowera, chonsecho magoloboyi ambiri nthawi imeneyo ankasewera nkhope ili pamtunda opanda chotchinga chilichonse. Ligi inachita kuika lamulo la mmene ndodo ingapindikire.

Mu 1972 kunayamba ligi ina yopikisana ndi NHL, dzina lake WHA. Hull anali atatopa kukangana ndi mabwana a Chicago pa nkhani ya malipiro, nde Winnipeg Jets inamuikira madola 1 miliyoni ongosainira chabe, matimu ena a ligi yatsopanoyo kusonkherana kuti ndalamayo ikwane chifukwa ankadziwa kuti popanda dzina lalikulu ligi yawo siyenda. Anapita. NHL inathamangira kukhoti koma inalephera kumugwira, ndipo kuyambira pamenepo malipiro a osewera anakwera mbali zonse ziwiri chifukwa munthu anali ndi kothawira. Kumeneko anachinya zigoli 303, sizoni ya 1974-75 yokha 77, akusewera ndi anyamata awiri a ku Sweden, Anders Hedberg ndi Ulf Nilsson. Vuto lake zigoli za WHA siziwerengedwa m'mabuku a NHL, momwe ali ndi 610 basi. Apa ndi pamene pagona makani a madala aja: phatikizani 610 ndi 303 mupeza 913, kuposa 894 za Gretzky zija. Ine mfundo imeneyi imandikhutitsa theka, chifukwa WHA inali ndi matimu ena ofooka zedi, komanso Gretzky naye anayambira komweko nde zake mukuyenera kumuphatikiziranso.

Chilango cha Hull chinabwera chaka chomwecho. Canada inkasewera magemu 8 ndi Soviet Union mu September 1972, ndipo anamusiya chifukwa chosainira WHA, ngakhale nduna yaikulu Pierre Trudeau anamupempherera sizinathandize. Mmalo mwake anthu a ku Canada anaona winga wa kumanzere wina amene ambiri samamudziwa, Valeri Kharlamov wa CSKA Moscow. Gemu yoyamba ku Montreal anachinya ziwiri, Canada kukwapulidwa 7-3 pakwawo. Pofika gemu ya chi 6 ku Moscow Bobby Clarke anam'menya ndi ndodo pakakolo mwadala mpaka kumuvulaza, ndipo Canada inadzapambana mpikisanowo movutikira. Kharlamov sanasewereko NHL, boma lawo silinkalola, anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1981 ali ndi zaka 33, nde kumuyerekeza ndi enawa ndi manambala n'kosatheka, koma ku Russia mukanena za mawinga osamutchula akuthamangitsani.

Ovechkin anabadwira ku Moscow mu 1985, mayi ake Tatyana anawina golide wa Olympics kawiri pa basketball. Washington inamusankha woyamba mu 2004, sizoni yonse yotsatira inafa ndi mkangano wa eni matimu ndi osewera, ina ya 2012-13 inadulidwa kutsala magemu 48, kenako Covid, ndipo mu November 2024 anathyoka fupa la mwendo n'kukhala panja magemu 16, koma anafikabe pa 895. Zigoli 65 za mu 2007-08 ndi rekodi ya winga wa kumanzere mpaka lero. Chomwe ine chimandimaliza ndi choti aliyense amadziwa pamene amaima timu inayo ikaperewera munthu chifukwa cha chilango, pa bwalo lozungulira la kumanzere paja, ndodo ili mmwamba kudikira pasi, makochi akhala akuonera mavidiyo ake zaka ndi zaka, magoloboyi a pano ndi zimphona zovala zotchinga thupi lonse, koma puck imalowabe. Pa chifukwa chimenechi ine ndimamuika pamwamba pa Hull, olo madala akwiye.

Onse awiri ali ndi chikho chimodzi chimodzi, Hull 1961, Ovechkin 2018, ndipo onse awiri ali ndi zowadetsa. Mkazi wakale wa Hull ananena poyera za nkhanza zam'banja, ndipo Hull pomwalira mu January 2023 anthu ambiri samadziwa kuti amulire bwanji. Ovechkin naye amadzudzulidwa chifukwa chosapota Vladimir Putin poyera. Mukati tiwerenge zikho, nde Frank Mahovlich ali ndi 6, zinayi ku Toronto ziwiri ku Montreal, koma palibe amamuika pamwamba. Brendan Shanahan zigoli 656 kuphatikiza ndewu zosawerengeka. Amene amaiwalidwa mopanda chilungamo ndi Luc Robitaille, yemwe anagwira rekodi ya zigoli za winga wa kumanzere, 668, Ovechkin asanamudutse. Ameneyu mu 1984 ankati sathamanga, Los Angeles Kings inamutola pa nambala 171, itayamba yasankha kaye Tom Glavine, mnyamata amene anasiya hockey n'kukatchuka ku baseball.